Mano a tinkhono ta ku Nyika

Tikamva za nkhono, ambiri timaganiza za likodzo kapena za chinkhono chachikulu chotuluka mvula ikagwa. Koma pamwamba pa Nyika ku Rumphi, m'nkhalango zonga ya Zovo Chipolo, pansi pa masamba owola mumakhala tinkhono tina tochepa kuposa njere ya mpunga. Sitikhala m'madzi, ndipo sitifalitsa likodzo.

Pofuna kuzindikira mtundu wa kankhono, akatswiri amayamba ndi chigoba. Amayeza kutalika kwake mu mamilimita, amawerenga kuti chazungulira kangati kuchokera kunsonga, amaona ngati khomo lake lili kumanja kapena kumanzere. Nkhono zambiri khomo lawo limakhala kumanja. Kenako amafika pa chimene amachitcha mano. Pa tinkhono ta gulu la Gulella, m'khomo la chigoba mumakhala timizere ndi tinsonga totuluka m'mbali, ndipo chiwerengero chake ndi malo ake ndi zimene zimathandiza kusiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Manowa sadyera ayi. Akatswiri ambiri amaganiza kuti amatsekereza adani ofuna kulowa m'chigoba. Chodyera chenicheni chili m'kamwa: lilime lokhakhala lotchedwa radula. Pa Gulella lilimeli ndi lakuthwa, chifukwa tinkhonoti timadya tinkhono tinzake ndi tizilombo tina tofewa.

Dzina la mtundu uliwonse limakhala ndi mawu awiri achilatini, kenako dzina la amene anaufotokoza ndi chaka. Alexander Whyte anatolera zamoyo pa Nyika mu 1896, ndipo mu 1899 Edgar Smith wa ku London analemba za zigoba zochokera m'dziko lino. Patapita zaka, A.C. van Bruggen wa ku Leiden, mothandizana ndi Hazel Meredith, anafufuza nkhono za pamtunda za m'Malawi. Zimandipweteka kuti zigoba zambiri zimene zinapatsa mitunduyi mayina zimasungidwa ku Ulaya, kutali ndi ophunzira athu.

Mfundo yofunika kwambiri ndi ya chamoyo chopezeka malo amodzi okha padziko lonse. Nyika, imene nsonga yake ya Nganda imapitirira mamita 2,600, ndi dziko la udzu, ndipo nkhalango zake ndi tizigawo totalikirana. Kankhono sikangawoloke udzu wouma kupita ku nkhalango ina. Gulu limene latsala pakamalo kamodzi limaswana lokha kwa mibadwo yambirimbiri mpaka kusanduka mtundu wapadera.

N'chifukwa chake moto wa m'chilimwe umandiopsa. Ntchefu ndi mbidzi zimathawa moto, koma kankhono kamadalira chinyezi cha masamba a pansi. Moto ukamanyeketsa m'mphepete mwa nkhalango chaka ndi chaka, chinyezicho chimatha. Nyika inakhala malo otetezedwa mu 1965, ndipo ntchito yolambula njira zotchinga moto mozungulira nkhalangozi iyenera kupatsidwa ndalama mofanana ndi yolimbana ndi opha nyama.