Kumvera, Chikumbumtima ndi Tsiku la Chisankho

Pa mawu onse amene Amalawi amatchula pokamba za chipembedzo ndi zipani, palibe amene anasenzetsedwa katundu wolemera koposa mawu akuti kumvera, pakuti amamveka paguwa pamene mbusa alangiza nkhosa zake, ndipo kwa zaka 30 anamvekanso pamisonkhano ya Malawi Congress Party, pamene Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, amene iye mwini anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anawaika kukhala imodzi mwa ngodya zinayi za dziko, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Ngodyazo zinamveka ngati zotuluka m'katekisimu, kotero kuti mkhristu woleredwa m'kugwada sanaonemo chachilendo, ndipo ambiri anagula khadi la chipani ndi mtima womwewo umene ankaperekera chopereka cha pa Sabata.

Koma kumvera kuli ndi malire, ndipo woika malirewo ndi chikumbumtima, mboni ija ya m'kati mwa munthu imene imamtsutsa ngakhale mudzi wonse ukumuombera m'manja. A Mboni za Yehova, amene chiphunzitso chawo chiwaletsa kulowa chipani chilichonse, anakana khadi lija. Boma linaletsa gulu lawo mu 1967, ndipo mu 1972, chizunzo chitakula, zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nasiya nyumba zili phulusa. Munthu angathe kutsutsana nacho chiphunzitso chawo, koma sangakane kuti anthu osaukawo anali ndi kanthu mumtima kamene Ayufi ndi Apayoniya analephera kukazula.

Chikumbumtima chomwecho chinalankhula poyera pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, inawerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, nitchula malipiro ochepa a antchito, kutsekera anthu m'ndende osaweruzidwa, ndi mantha amene anamanga malilime. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma boma linayesa kalatayo kuukira, nilipirikitsa Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu. Pasanapite nthawi Apresibeteriya, Aangilikani ndi Asilamu anagwirana manja m'bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu 63 mwa 100 alionse anasankha nyali ya matipate, nasiya tambala wakuda.

Apa mpamene wopenda bwino ayenera kuima ndi kusinkhasinkha, chifukwa chikhulupiriro chimene chinali ndi mphamvu yogwetsa linga sichinakhale ndi mphamvu yofanana posankha womanga nyumba. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 panadzuka mawu ena akale kuposa mipingo yonse, ndiwo akuti wakwathu. Chakufwa Chihana anasesa kumpoto, Kamuzu anagwira chigawo chapakati, ndipo Bakili Muluzi, Msilamu, anapambana ndi mavoti 47 mwa 100 alionse, ochuluka a iwo ochokera kummwera. Ndipo popeza Asilamu m'dziko lino safika ngakhale limodzi mwa magawo asanu, n'zoonekeratu kuti unyinji wa omvoterawo unali wa Akhristu. Mpingo umodzi wa CCAP, wa chivomerezo chimodzi ndi mgonero umodzi, unapezeka wogawika patatu, a m'dera la sinodi ya Livingstonia kwawo, a Nkhoma kwawo, a Blantyre kwawonso. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo ine ndiyesa kuti aliyense wonena kuti Mmalawi amavota monga mwa mpingo wake asokoneza zinthu ziwiri zosiyana, ndizo kaundula wa mpingo, m'mene munalembedwa dzina la munthu, ndi makhalidwe, amene alembedwa m'zochita zake.

Nkhani zimene zimagawa zipani ku America, monga kuchotsa pakati, kuno sizilekanitsa chipani ndi chinzake. Pamene mipingo inaguba m'misewu chakumapeto kwa 2016 kukana kufewetsa lamulo la nkhaniyi, panalibe chipani chachikulu chimene chinaimirira kutsutsana nayo. Pamene zipani zonse zivomereza chimodzi, chikhulupiriro chilibe posankhira.

Chotsala ndi khalidwe la munthu wopikisanayo, ndipo m'menemo ndi momwe munabadwira mawu amene amveka pa msonkhano uliwonse wokopa anthu, akuti mtsogoleri woopa Mulungu. Mawuwa ndi abwino, ndipo mayi wa Chigwirizano kapena bambo wa kumzikiti akamawanena amatanthauza chinthu chomveka: munthu wosaba mankhwala a m'chipatala, wosakondera mtundu wake pogawa ntchito, wokumbukira amasiye ndi osowa, mwachidule munthu wa umunthu. Koma pali mawu ena ofanana nawo pankhope amene ndiwaopa kwambiri, ndiwo akuti wodzozedwa, pakuti woopa Mulungu amayesedwa ndi ntchito zake chaka ndi chaka, pamene wodzozedwa amaikidwa pamwamba pa chidzudzulo, kotero kuti womfunsa za chuma cha boma amaoneka ngati wolimbana ndi Kumwamba. Oimba mawuwa aiwala kuti ngakhale Davide, amene mafuta a Samueli anatsikiradi pamutu pake, anadzudzulidwa ndi Natani m'nyumba yake yachifumu.

Mipingo ya dziko lino, pamene yakhala pa ulemerero wake, yasankha mbali ya Natani. Atsogoleri a mipingo amene anakondwera ndi kudza kwa Muluzi ndi omwewo amene anamkaniza kupitirira nthawi yake, ndipo bilu yochotsa malire a matemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 2002, itaperewera mavoti atatu okha. Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 kufikira 2013, analowa ufumu mu Juni 2020 ambiri akuyembekeza kuti ubusa wake udzachiritsa katangale; koma mu Febuluwale 2024 maepiskopi a Katolika anadzudzula boma lake kolimba chifukwa cha ziphuphu, tsankho ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo pa 16 Sepitembala 2025 opemphera omwe aja, atatopa ndi mizere ya mafuta ndi mtengo wa feteleza, anabwezera mpando kwa Peter Mutharika.