Phuma

Mawu akuti phuma ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi kuperewera mpweya, munthu n'kumapuma wefuwefu. Lachiwiri ndi kupupuluma, monga timanenera kuti uje amachita zinthu mwaphuma. Mawuwa ndi apachibale ndi kupuma komanso mphumu.

Ku Kasungu matanthauzo onsewa amakumana mwa munthu mmodzi. Mlimi amene wakalambira m'chigafa, akusankha fodya m'fumbi mpaka mabelo apite ku okushoni ya Chinkhoma, kapena mayi wophika pamoto wankhuni m'khitchini yopanda zenera, akhoza kukhala ndi mapapo owonongeka osachiranso, nthenda yomwe achipatala amati COPD. Ena TB inawasiyira zipsera m'mapapo. Mpweya ukangochepa, maganizo amathamangira kuti "basi ndikufa". Mantha amafulumizitsa kupuma, mpweya wakale sutuluka wonse, phuma n'kukula. Kenaka munthu amaleka kupita kudimba, miyendo imafooka, mawa lake amabanika ngakhale popita kuchitsime.

Uphungu wa CBT, womwe dokotala wa ku America Aaron Beck anauyambitsa m'zaka za m'ma 1960, umalimbana ndi phuma lachiwirili. Wodwala amaphunzira kulifunsa ganizo lomuopsezalo ngati n'loona, kukhala pansi atawerama pang'ono, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo atayandikizitsa, ndi kugawa ntchito m'zigawo zazing'ono. Uphunguwu suchiritsa mapapo ayi, ndipo mankhwala opopera asasiyidwe. Phuma likadza ndi kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi, imeneyo ndi nkhani yothamangira kuchipatala.