Mafunso ndi Mayankho: Makina omva chitsulo m'nthaka anachokera kuti?

FUNSO: Ndamva kuti kuli makina amene amalira akafika pamene panakwiririka ndalama zakale. Kodi anayamba bwanji, nanga munthu wongoyamba kumene ngati ine agule otani? Wowerenga wanu, ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano.

YANKHO: Zikomo bambo, koma tiyambe tawongola mawu amodzi. Makinawa samva ndalama ayi, amamva chitsulo, ndipo amene anawayamba sankafuna ndalama n'komwe. Pa 2 July 1881 mtsogoleri wa dziko la America, James Garfield, anawomberedwa ndi mfuti, chipolopolo n'kutsalira m'thupi. Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anakonza kachipangizo ka mawaya okulungakulunga koti kalire kakayandikira chipolopolocho. Kanaliradi, koma mosokonekera, ndipo chifukwa chimodzi chimene chimatchulidwa n'chakuti bedi limene wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo. Garfield anamwalira mu September chaka chomwecho chipolopolo chisanapezeke. Vuto limene Bell anakumana nalo nthawi imeneyo ndi lomwe mudzakumane nalo inu m'munda: makina amalirira chitsulo chilichonse chimene chili pafupi, osasamala kuti mwini akufuna chiti.

Chimene chinakulitsa makinawa ndi nkhondo. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, ali ku Scotland, anakonza makina onyamulika ofufuzira mabomba okwirira, ndipo mu 1942 asilikali a Britain anagwiritsa ntchito makina otere okwana 500 pankhondo ya ku El Alamein ku Egypt. Nkhondo itatha, otsala anagulitsidwa motchipa, anthu n'kuyamba kuyenda nawo m'minda ndi m'magombe. Makampani monga Fisher ndi Garrett a ku America, kenako Minelab ya ku Australia, ndiwo anawapepukitsa mpaka kufika pa ndodo ya mabatire imene mukuifunayi. Kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. M'mbale yakunsi ija muli waya wokulunga amene amatulutsa mphamvu ya maginito kulowa m'nthaka. Mphamvuyo ikagunda chitsulo, chitsulocho chimabweza yake, waya wachiwiri n'kuimva, makina n'kulira. Kandalama kamodzi amakamva pakuya kosapitirira kwambiri chikhatho chotambasula, masentimita 15 mpaka 25, pafupifupi pomwe khasu limafika popanga mzere wa kachewere.

Tsono musanatulutse ndalama zanu zamakono kuti mugule chofufuzira zakale, dzifunseni kuti m'nthaka ya kwanu mungakhale zotani. Makolo a kuno sankagula ndi makobidi. Ankasinthana nsalu, mikanda, mchere ndi makasu, ndipo golide amene ankakumbidwa kumpoto kwa Zambezi, m'malo monga Mano, ankagulitsidwa ali ufa, pomuyeza kulemera. Muyezo wakewo ndi umene Aluya ankautcha mithqal, ndipo n'kumene kunachokera dzina la metikali, ndalama ya ku Mozambique imene inalowa m'malo mwa eskudo pa 16 June 1980. Ngakhale ku Macanga, kumene banja la Caetano Pereira linalamulira mpaka Apwitikizi atagonjetsa deralo mu 1902, chuma chinali minyanga, golide, mfuti ndi nsalu. Makobidi anafala m'midzi chifukwa cha msonkho, pamene atsamunda anayamba kuufuna wa ndalama, amuna n'kumapita kukagwira ntchito kuminda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ndalama yovutikira chotero sinkachedwa m'manja. Inkapita kumsonkho ndi kusitolo, ndipo ikagwa pansi mwini ankasesa bwalo lonse mpaka aipeze.

Zimene mungatole choncho ndi za zaka zana zapitazi: masentavo ndi maeskudo olembedwa dzina la Moçambique, amene anayamba kusulidwa m'ma 1930, komanso za kutsidya ku Ntcheu, popeza malire a pa Biriwiri sanaletsepo ndalama kuwoloka. Kumeneko kunali tiki, sheleni, ndi kobidi lija loboola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kwacha isanabwere mu 1971. Kobidi lotere mukalipukuta pang'onopang'ono ndi chala, dothi n'kuchoka pabowo, chaka n'kuyamba kuwerengeka, mumagwira chinthu chimene mwina agogo ake a wina anachimanga pamfundo ya nsalu. Chimenecho n'chamtengo pamtima. Kumsika n'chotsika, chifukwa zotere zinasulidwa mamiliyoni. Zina, monga 20 eskudo ya m'ma 1950, zili ndi siliva, koma sizingabweze mtengo wa makina. Mphekesera zoti pali rupiya yakale imene azungu amagula ndi chuma chosawerengeka zalemeretsa ogulitsa mphekeserazo basi.

Chifukwa chake ndikuti wongoyamba agule makina wamba, otsika mtengo, a mtundu umene amaulemba kuti VLF, ndipo ayang'ane zinthu ziwiri. Choyamba akhale otha kusiyanitsa zitsulo, kuti msomali ulire mosiyana ndi mkuwa kapena siliva. Chachiwiri, chimene ogulitsa sakonda kutchula, akhale otha kuwasintha kuti azolowere dothi. Katondo wofiira wa kumapiri kuno ali ndi chitsulo chakechake, ndipo makina osatha kusintha amangong'ung'udza paliponse ngati mmene anachitira a Bell pabedi paja. Zina n'zazing'ono: mbale yosalowa madzi chifukwa cha mame ndi mvula, mabatire opezeka pagolosale kapena otchajidwa pa sola, ndi mahedifoni. Wina anganene kuti okwera mtengo, ofufuzira golide aja, amamva zakuya ndiye ndi abwino koposa. Amamvadi zakuya, koma ambiri a iwo sasiyanitsa bwino, ndiye mudzatha tsiku mukukumba dzenje lofika m'mawondo chifukwa cha chidutswa cha khasu. Aja amene amati amaloza chuma chili pamtunda wa makilomita, musawayandikire. Mphamvu ya maginito imazilala msangamsanga ikangotalikira mbale, ndipo palibe ndodo imene ingamve kandalama kali kuseri kwa phiri. Mukagula, kwirirani makobidi anu pabwalo pamodzi ndi msomali ndi chitsekerero cha botolo, muziyendetsa mbale pang'onopang'ono mogundiza udzu, mpaka khutu lizolowere kulira kwa chilichonse.

Komatu nkhani yaikulu si ya makina, ndi ya malo, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino. Chigawo cha Tete chinaona nkhondo ziwiri. Frelimo inatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'chigawochi mu 1968, ndipo nkhondo yapachiweniweni inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu ambirimbiri a ku Tsangano ndi Angónia atathawira ku Ntcheu ndi Dedza. M'nthaka imene inaona zotere, zitsulo zankhondo zikhoza kuchuluka kuposa makobidi. Mudzati, kodi si paja dziko linalengezedwa kuti mabomba okwirira anatha? Inde, pa 17 September 2015 boma linalengeza, pambuyo pa ntchito yaikulu ya mabungwe monga HALO Trust, imene inachotsa mabomba oposa 171,000, ndi APOPO, imene inkagwiritsa ntchito makoswe aakulu onunkhiza. Koma chimene chinalengezedwa n'chakuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Grenedi imene msilikali anaitaya pothawa, kapena mfuti ndi zipolopolo zimene zinabisidwa m'dzenje, sizinalembedwe pamapu a munthu aliyense. Mudzatinso, makina anga amasiyanitsa, ndizingokumba zolira ngati ndalama. Apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Chigoba cha chipolopolo n'chamkuwa wosakaniza, chimalira mokoma ngati kobidi. Chitsulo chachikulu chadzimbiri chimanamiza makina n'kumveka ngati siliva. Mabomba ena opondera ndi apulasitiki, chitsulo chake n'chochepa, moti makina otchipa akhoza kudutsapo duu. Akatswiri aja ankagwira ntchito atagwada, atavala zodzitetezera, akupalasa dothi cham'mbali pang'onopang'ono. Wofuna ndalama amakhapa khasu kuchokera pamwamba.

Ndiye fufuzani pamene anthu akhala akulima, kusesa ndi kupondapo chaka ndi chaka kuyambira nkhondo itatha: pabwalo panu, m'munda wolimidwa, pansi pa mtengo pamene pankakhala msika, mwini malo atalola. Pabwinja limene anthu analisiya m'ma 1980 osabwererapo, pamene panali msasa wa asilikali, pamlatho wakale, musapondepo ndi makina. Akuluakulu a m'mudzi amawadziwa malo amenewa kuposa mapu, choncho yambirani kwa amfumu. Kumanda ndi kudambwe sindikufunika kukuuzani.

Patsala mawu amene ambiri amanena, akuti munda ndi wanga, chotulukamo n'changanso. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo lamulo nambala 10/88 la mu December 1988, pamodzi ndi malamulo otsatira a mu 1994, limateteza zinthu zakale zokwiririka: kukumba malo akale kumafuna chilolezo, ndipo wotola chinthu chotere mwangozi ayenera kudziwitsa akuluakulu a boma msanga. Lamuloli lili ndi nzeru. Mkanda, phale kapena ndalama zikazulidwa n'kuponyedwa m'thumba, umboni wa pamene zinali ndi zimene zinagona nazo umatheratu, pamene mbiri ya Amaravi ndi Angoni a dera lino yambiri ikadali pansi, yosalembedwa. Choncho yendani ndi kope, mulembe tsiku, malo ndi kuya kwa chilichonse, ndipo mukwirire dzenje lililonse mbuzi isanathyokemo mwendo. Mukaona chitsulo chozungulira kapena chosongoka chimene simukuchidziwa, musachigwedeze kapena kuchigogoda kuti muone m'kati. Bwererani potsata mapazi anu, muike chizindikiro chapatali, muletse ana, kenako mukanene kwa amfumu ndi kupolisi.