Chikalata cha 1537: Pamene Roma Anafunsa Choona

Poyamba pa zaka za m'ma 1500 Eklezia anali ndi matenda amene ambiri anali kuŵadziŵa, koma a ku likulu olimba mtima kuŵatchula anali oŵerengeka. Akhristu a ku Germany anadandaula zaka zambiri chifukwa cha ndalama zimene Roma anali kutolera, ndipo pa msonkhano wa ku Worms mu 1521 akuluakulu a dzikolo anapereka madandaulo oposa 100. Yankho logwira mtima silinabwere.

M'chaka cha 1536 Papa Paul III anasankha anthu 9, motsogozedwa ndi Kardinala Gasparo Contarini, kuti anene mosabisa chimene chinali kuononga Eklezia. Pakati pao panali Reginald Pole ndi Gian Pietro Carafa. M'mwezi wa Malichi 1537 anapereka chikalata chotchedwa Consilium de Emendanda Ecclesia. M'menemo anatchula amuna osaphunzira amene anali kulandira unsembe, aepiskopi osakhala m'madayosizi ao, ndiponso maudindo ndi zilolezo zogulidwa ndi ndalama. Koposa zonse analoza muzu wake: alangizi osyasyalika amene anaphunzitsa apapa ena kuti chifuniro chao ndicho lamulo.

Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Papa analandiradi chikalatacho, koma oyang'anira maofesi odalira ndalama zija anatsekereza kusintha. Mu 1538 chikalata chachinsinsichi chinasindikizidwa popanda chilolezo, ndipo Martin Luther anachifalitsa m'Chijeremani pamodzi ndi ndemanga zake zonyoza. Kuyambira pamenepo manyazi a kuululika anakula kuposa chisoni cha matenda enieniwo. Mu 1559, Carafa yemwe uja ali Papa Paul IV, makope ofalitsidwa ndi Aprotestanti analoŵa m'ndandanda wa mabuku oletsedwa.

Mankhwala anafika, koma mochedwa. Msonkhano Waukulu wa ku Trent, umene unatsegulidwa mu 1545, unalamula mu 1563 kuti aepiskopi azikhala pakati pa nkhosa zao ndi kuti madayosizi akhale ndi maseminale osulira ansembe. Apa n'kuti papita zaka 26, maiko ambiri a kumpoto kwa Ulaya atapatuka kale.

Tsono seminale inabadwa m'dandaulo limene linachedwa kumveka. Wansembe wosulidwa m'menemo, akamva kung'ung'udza m'parishi mwake, ayenera kuyamba wafunsa ngati nkhaniyo ili yoona, asanafunse amene waiulula.