Makonde a Livingstone

Mukayenda mu Mosi-oa-Tunya Road, kwezani maso pamwamba pa zikwangwani za mashopu. Mudzaona makonde aakulu, zipilala ndi madenga aatali a malata. Ambiri timangoti ndi nyumba za azungu akale, n'kupitirira. Koma kamangidwe kameneka kanabwera chifukwa cha udzudzu, dzuwa ndi tsankho.

Tauni yoyamba sinali pano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, azungu amalonda anakhala ku Old Drift, padoko la Zambezi kumtunda kwa mathithi. Nyumba zawo zinali za mitengo, zomata ndi dothi, zofolera udzu, monga mmene eni nthaka, Aleya ndi Atoka, ankamangira. Malowo anali achinyezi, ndipo malungo anapha anthu ambiri. Manda awo akalipo mpaka lero mu Mosi-oa-Tunya National Park. Mu 1905, chaka chimene mlatho wa njanji pa mathithi unatha kumangidwa, anthu anasamutsidwira pachitunda cha mchenga, patali ndi mtsinje. Pamenepo ndiye panabadwa Livingstone.

Njanji inasintha kamangidwe. Sitima inayamba kubweretsa malata, simenti ndi magalasi kuchokera kumwera. Omanga anaganizira za kutentha kwa chigwa cha Zambezi. Khonde lalikulu linkatchinga dzuwa kuti lisawombe khoma. Denga lalitali linkalola mpweya wotentha kukwera m'mwamba, pansi n'kukhala pozizirira. Nyumba zambiri ankazikweza pamaziko, ndipo makonde ena ankawatchinga ndi waya wa maso ang'onoang'ono kuti udzudzu usalowe.

Mu 1907 boma la North-Western Rhodesia linasamuka ku Kalomo kubwera kuno, ndipo mu 1911 Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia yonse. Mtundu uliwonse wobwera unasiya chizindikiro chake. Tchalitchi cha Anglican cha St Andrew's chinamangidwa mu 1910 ndi 1911 pokumbukira David Livingstone. Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya anamanga sunagoge mu 1928, amene pambuyo pake anasanduka tchalitchi. Capitol Theatre, nyumba ya kanema, inatsegulidwa mu 1931. Amwenye anamanga mashopu okhala ndi khonde kutsogolo, banja n'kumakhala kumbuyo. Nyumba zina zili ndi mphumi zokhotakhota zimene anatengera ku Cape. Livingstone Museum inayamba mu 1934, koma nyumba yake ya nsanja ya wotchi, imene tonse timaidziwa, ndi ya mu 1951.

Nanga amene anaumba njerwa ndi kunyamula dothi ankagona kuti? Ankagona ku komboni, monga ku Maramba, patali ndi misewu ya makonde. Atsamunda ankakhulupirira kuti kukhala kutali ndi anthu akuda kungawateteze ku malungo, choncho tsankho analijambula pamapu penipeni. Nyumba za antchito zinali zazing'ono, chifukwa boma linkamuona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira ntchito, amene tsiku lina adzabwerera kumudzi. Mayina a amisiri amenewa simudzawapeza pazikwangwani za mbiri, koma makoma aja ndi thukuta lawo. N'chifukwa chake mwana wa ku Maramba, Libuyu, Linda kapena Dambwa asaganize kuti nyumba za m'tauni ndi cholowa cha anthu ena.

Mu 1935 likulu linasamukira ku Lusaka. Kwa amalonda a kuno linali tsoka, koma kwa nyumba zakale unali mwayi. Ndalama zogwetsera zakale ndi kumanga zazitali zinapita kwina, ndipo misewu ya Livingstone inasunga nkhope yake. Lero adani ndi ena: chiswe, malata a dzimbiri, eni nyumba osakonza, ndi ofuna malo omangapo mashopu atsopano. Bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989, lili ndi udindo woteteza cholowa chotere, koma lamulo palokha silifolera denga lothonya.

Palinso phunziro lina limene likukhudza ife amene tikulota zomanga. Nyumba zambiri zatsopano m'makomboni ndi za mabuloko, denga lalifupi, mawindo ang'ono, khonde palibe. Mu October, kutentha kukapitirira madigiri 35, m'nyumba zotere mumakhala ngati mu uvuni. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankathima tsiku lonse, ndipo fani inangokhala chokongoletsa. Omanga a mu 1910 analibe makina oziziritsa, koma anadziwa kumanga mthunzi. Tsankho lawo tilisiye m'mabuku a mbiri. Khonde, denga lalitali ndi mawindo oyang'anizana, zimenezo titenge, tikamange nazo ku Dambwa.