Mmene Thirakitala Inapezera Dzanja: Mbiri ya Chopanira

Chopanira cha pa thirakitala, chimene opanga ndi ogulitsa amachitcha grapple, ndi nsagwada ziwiri zachitsulo zomangidwa kunsonga ya mikono yonyamulira katundu, kutsogolo kwa thirakitala. Nsagwada yapansi imalowa kunsi kwa katundu, yapamwamba imatsika ndi mphamvu ya oyilo n'kumupana kuti asagwe. Ntchito yake ndi kugwira zinthu zimene sizikhazikika m'fosholo ya thirakitala: zipika, nthambi zosadza, zitsa, miyala ikuluikulu, udzu wa ziweto ndi zitsulo zakutha. Poyerekeza ndi pulawo kapena ngolo, chidachi n'chatsopano. Thirakitala inatha zaka zambiri ikungokoka, kenako inayamba kunyamula, ndipo kugwira kunabwera komalizira. Zimene zinachedwetsa chidachi ndizo zimene zimalamulabe kusankha kwake mpaka lero.

Kupana katundu ndi mano achitsulo kunayamba thirakitala isanabadwe. Alimi a ku America a m'zaka za m'ma 1800 ankasunga udzu wouma pasanja la pamwamba pa khola, kuti ng'ombe ndi akavalo zidye m'miyezi ya chisanu. Kuponya udzuwo m'mwamba ndi foloko yamanja inali ntchito yothyola msana. Ndiye kunabwera foloko ya mano opindika, olumikizana pakati, yopachikidwa pa chingwe. Munthu ankaibaya mu udzu uli pangolo, kavalo n'kukoka chingwe panja, ndipo kukokako n'kumene kunkatseka manowo. Katundu akafika pamwamba, wina ankakoka kachingwe kachiwiri, mano n'kutseguka, udzu n'kugwa. William Louden wa ku Fairfield, m'chigawo cha Iowa, analembetsa mu 1867 chida chonyamulira udzu, ndipo kampani yake inadziwika kwambiri ndi njanji zam'denga zoyendetsera mafoloko oterewa. Odula mitengo nawonso anali ndi mbaniro zawo zokokera zipika, zimene zinkaluma kwambiri chipika chikamalemera. Zida zonsezi zinali ndi chilema chimodzi: zinkagwira pokhapokha chingwe chikakungika. Sizikanatha kupana chinthu chili pansi n'kuchitembenuza, kapena kuchigwira chili chopendekeka.

Thirakitala zoyambirira sizinasinthe zimenezi. John Froelich anapanga thirakitala yoyendera petulo ku Iowa mu 1892, ndipo Fordson ya Henry Ford, imene inatuluka mu 1917, inafikitsa makinawa kwa alimi wamba. Komabe onse ankaiona ngati kavalo wachitsulo, womangirira pulawo kumbuyo ndi unyolo kapena mtanda. Fordson inali yopepuka, ndipo pulawo ikakodwa pa mwala kapena pa muzu, mawilo akumbuyo ankapitiriza kuzungulira, mutu wa thirakitala n'kudzuka mpaka kugudubukira chagada. Madalaivala ambiri anafa motero.

Amene anathana ndi vutoli ndi Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku County Down, kumpoto kwa Ireland. Iye anaganiza kuti chida chisamakokedwe ngati mlendo, koma chikhale chiwalo cha thirakitala. Anachilumikiza pa malo atatu, mikono iwiri pansi ndi umodzi pamwamba, n'kuikapo pampu ya oyilo yokweza ndi kutsitsa. Pulawo ikakumana ndi dothi louma, mphamvu yake inkadutsa mu mkono wapamwamba n'kukanikizira thirakitala pansi m'malo moidzutsa. Thirakitala yake yoyeserera ya mu 1933, yotchedwa Black Tractor, inasungidwa ndi Science Museum ya ku London. Mu 1936 anayamba kupanga thirakitala pamodzi ndi David Brown ku Huddersfield, ndipo mu 1938 anapangana ndi Henry Ford pongogwirana chanza, popanda pepala lililonse, zimene zinabala Ford 9N ya mu 1939. Mgwirizanowo unathera kukhoti, koma thirakitala yotuwa ya Ferguson yotchedwa TE20, imene inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946, inapitirira 500,000 pofika 1956. Ferguson sanapange chopanira. Chimene anasiya ndi mfundo ziwiri zimene chopanira chinadzaimapo: thirakitala iliyonse ikhale ndi pampu ya oyilo, ndiponso pakhale njira imodzi yodziwika yolumikizira zida.

Luso la kukankha ndi madzi kapena oyilo linali lakale ndithu. Joseph Bramah analembetsa makina opsinjira zinthu ndi madzi mu 1795, ndipo William Armstrong anaika makina onyamulira katundu a mtundu womwewu padoko la Newcastle m'ma 1840. Chimene chinkasowa ndi pampu yaing'ono, mapaipi opindika osaphulika, ndi mphira wotseka oyilo kuti asamadonthe, ndipo zimenezi zinatsika mtengo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pamenepo mikono yonyamulira inayamba kuoneka kutsogolo kwa thirakitala. Joseph Cyril Bamford, amene anayamba ntchito m'galaja yaing'ono ku Uttoxeter mu 1945, anatulutsa mikono yoyendera oyilo mu 1949. Kampani yake ndiyo JCB. Ku Sweden, kampani ya Ålö inabweretsa mu 1958 mikono yotchedwa Quicke, imene mlimi ankatha kuichotsa ndi kuibwezera msanga.

Mikono yoyambayo inali yosakwanira. Oyilo ankangoikankhira m'mwamba, ndipo inkatsika ndi kulemera kwake. Fosholo inkakhuthula dalaivala akakoka chingwe chomasula loko. Nsagwada siingagwire ntchito motero, chifukwa imafunika kutseka mwamphamvu ndi kutseguka mwamphamvu. Panafunika silinda yolandira oyilo mbali zonse ziwiri, ndi valavu yake yapadera. Zimenezi zitafala, alimi a ng'ombe a m'zigwa za pakati pa America anayamba kuika mano opindika pamwamba pa foloko yonyamulira ndowe kapena pa fosholo, kuti azizula udzu pa mulu waukulu n'kukaupereka ku ziweto. Chopanira cha pafamu chinayambira pamenepo, pa udzu ndi ndowe. Makina okulunga udzu m'mitolo ikuluikulu yozungulira atabwera, monga a Vermeer a mu 1971, mtolo umodzi unayamba kulemera makilogalamu mazana angapo, ndipo kuunyamula pamanja kunatheratu.

Nkhalango ndi minda ya nzimbe zinayenda njira yawoyawo. Eric Sundin, wopanga matabwa otsetserekera pa chipale ku Hudiksvall, anakhazikitsa kampani ya Hiab mu 1944 atapeza njira yoyendetsera mkono wonyamulira ndi injini ya lole yomweyo, ndipo mikono yotereyi inadzalandira mbaniro zokwezera zipika. Ku North America, makina okoka zipika ankadalira munthu woyenda pansi kukamanga chingwe chachitsulo pa chipika chilichonse, imene inali imodzi mwa ntchito zoopsa kwambiri m'nkhalango. Chopanira chitaikidwa kumbuyo kwa makinawo, dalaivala anayamba kutola yekha zipika osatsika. Kummwera kwa Africa, Irvine Bell, makaniko wa ku Zululand amene anatsegula malo ake okonzera makina mu 1954, anapanga mu 1964 makina a mawilo atatu okwezera nzimbe, otha kutembenuka pamalo amodzi. Makina a Bell anafala m'minda ya nzimbe ndi m'nkhalango za paini ndi bulugama m'chigawo chonsechi. M'madera amene nzimbe zimadulidwa pamanja n'kuunjikidwa m'mizere, monga ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Nakambala, chopanira chimadziwika kwambiri ngati chida cha kuesiteti, chokwezera nzimbe m'ngolo, kusiyana ndi chida cha mlimi mmodzi.

Vuto lotsala linali la kulumikiza. Kampani iliyonse inkaboola mabowo a mapini pamalo akeake, moti fosholo ya kampani ina sinkalowa pa mikono ya ina, ndipo kusintha chida kunkafuna hamala ndi anthu awiri. Yankho linachokera kutali ndi thirakitala. Mu 1957 abale awiri osula zitsulo, Cyril ndi Louis Keller a ku Rothsay, Minnesota, anapangira mlimi wina wa nkhukundembo kamakina kochotsera zitosi m'khola lopanikiza. Kampani ya Melroe ya ku Gwinner, North Dakota, inatenga lusolo, ndipo kuyambira 1962 makinawo anatchedwa Bobcat. Cha m'ma 1970 kampaniyo inabweretsa cholumikizira chotchedwa Bob-Tach: chitsulo chophwatalala cholowa pansi pa mlomo wa chida, ndi zogwirira ziwiri zotsitsa mapini okhoma. Chitetezo cha lusolo chitatha, makampani ena anakopera, ndipo lero thirakitala zing'onozing'ono zambiri za ku America zimatuluka nacho. Ku Ulaya kunafala cholumikizira china cha ngowe, chotchedwa Euro, pamene John Deere ili ndi chakechake pa thirakitala zake zazing'ono. Kugwirizana kumene Ferguson anabweretsa kumbuyo kwa thirakitala sikunafike kwathunthu kutsogolo, ndipo wogula chopanira amayamba wayang'ana chimene chili pa mikono yake asanafunse mtengo.

Msika waukulu wa zopanira unadza ndi thirakitala zazing'ono za ku Japan. Kubota inalowa ku America mu 1969, ndipo m'zaka zotsatira anthu okhala ndi maekala ochepa, amene ntchito yawo yaikulu ndi kulambula thengo, kututa nkhuni ndi kuchotsa mitengo yogwa ndi mphepo, anagula makinawa ochuluka. Opanga zida anawatsatira, ndipo mitundu inachuluka. Pali chopanira cha mano otalikirana chopanda pansi, chozulira mizu ndi kukokolola nthambi dothi n'kumatsalira. Pali cha mano oyandikana chosefera miyala, ndi fosholo yeniyeni yokhala ndi chivindikiro, yoyenera ndowe ndi zinyalala zing'onozing'ono. Cha zipika n'chopapatiza ndiponso chopindika kwambiri.

Pa kusankha, mfundo yoposa zonse ndi kulemera kwa chidacho. Zopanira zambiri zinapangidwira makina olemera a mtundu wa Bobcat, ndipo zimalemera makilogalamu 300 kapena kuposa. Mikono ya thirakitala yaing'ono ikakhala yonyamula makilogalamu 500, chida chotere chimadya gawo lalikulu la mphamvuyo chisanatole kanthu, pamene chida cha makilogalamu 130 chimasiya malo a katundu weniweni. Nambala imene opanga amalemba imafunanso kuiwerenga mosamala. Nthawi zambiri imayezedwa pa mapini a kunsonga ya mikono, pomwe katundu amakhala kutsogolo kwa mapiniwo, ndipo n'chifukwa chake mabuku ena amaonjezera nambala yachiwiri, yoyezedwa mamilimita 500 kutsogolo, imene imakhala yocheperapo. Opanga abwino amachepetsa kulemera pogwiritsa ntchito chitsulo cholimba koma chopyapyala, monga AR400, pa mano. Chida cholemera sichitanthauza chida cholimba.

M'lifupi mumanyenga ambiri. Fosholo imayenera kuphimba mapazi a mawilo, koma chopanira sichitero, chifukwa chipika kapena mulu wa nthambi umatulukira mbali zonse popanda vuto. Cha mita 1.2 kapena 1.5 chimakwanira thirakitala yaing'ono, chimalowa pakati pa mitengo, ndipo mphamvu yake yozula imasonkhana pa mano ochepa. Chotambalala chimakopa dalaivala kuzula chitsa ndi ngodya imodzi, zimene zimapotoza mikono. Nsagwada yapamwamba imakhala imodzi kapena ziwiri. Ziwiri zimatsika iliyonse mpaka itakhudza katundu, choncho zimagwira bwino chinthu chonenepa mbali imodzi monga chitsa cha mizu, koma zimaonjezera silinda, mapaipi, kulemera ndi mtengo.

Oyilo wotsegula ndi kutseka nsagwada ayenera kufika kutsogolo. Mikono wamba ili ndi njira ziwiri zokha, yokweza ndi yopendeketsa, ndiye chopanira chimafuna yachitatu. Ena amakoka mapaipi aatali kuchokera ku mavalavu akumbuyo, ena amaika valavu yamagetsi yobwereka oyilo wa kupendeketsa, ndipo njira yabwino koma yodula ndi valavu yakeyake yokhala ndi batani pa chogwirira. Mtengo wa zimenezi sulembedwa pa chopanira, koma ndi mbali ya mtengo wake. Mapini okhala ndi pothirira girizi, masilinda otchingidwa ku nthambi, ndi mapaipi osapanika nsagwada ikatseguka ndi zimene zimasiyanitsa chida chokhalitsa ndi chongooneka bwino pasitolo. Kumene zipangizo zosinthira zimachokera kunja, silinda ya muyezo wofala, imene mphira wake amapezeka kwa okonza mapaipi a oyilo, imaposa yachilendo ngakhale itakhala yamphamvu.

Ngozi ya kugudubuka, imene inkachokera kumbuyo m'masiku a Fordson, tsopano inasamukira kutsogolo. Katundu wolemera pa mikono amapepukitsa mawilo akumbuyo, kumene kuli mabuleki a thirakitala zambiri, ndipo mtanda wa mawilo akutsogolo umayendera pa pini imodzi pakati, motero sutchinjiriza kupendekera m'mbali. Chipika chachitali chikakwezedwa m'mwamba pamalo otsetsereka, kapena nsonga yake ikagunda mtengo, thirakitala imagwa chammbali. Mankhwala ake ndi cholemetsa chomangidwa pa mikono itatu ija ya Ferguson, madzi m'matayala akumbuyo, ndi kuyenda katundu ali pafupi ndi nthaka. Sweden inalamula mu 1959 kuti thirakitala zatsopano zikhale ndi chitsulo choteteza dalaivala ikagudubuka, ndipo imfa za mtundu umenewu zinatsika kwambiri m'dzikolo. Thirakitala yakale yopanda chitsulo chimenechi, yopanda lamba wapampando ndiponso yopanda chiwongolero choyendera oyilo siyenera kupatsidwa chopanira.