Luso lobadwira pa wayilesi za kaunjika

Pamene Hiram Percy Maxim ankayambitsa bungwe la American Radio Relay League ku Hartford mu 1914, uthenga wa anthu okonda kulankhulana pa wayilesi unkayenda mopatsirana: wina aulandire, aulembe, autumize kwa mnzake wa kutsogolo. Ntchito ya munthu wapakatiyu inadzatengedwa ndi repeater, makina oikidwa paphiri kapena pansanja, omwe amamva mawu ndi kuwaulutsanso nthawi yomweyo. Makinawa anafala ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo chimene chinawafalitsa ndi kaunjika. Malamulo atsopano atakakamiza apolisi ndi eni matakisi kusiya wayilesi zawo zakale za Motorola ndi General Electric, akadaulo odziphunzira okha anazigula motchipa n'kuzisintha kuti zizigwira pakati pa 144 ndi 148 MHz.

Mfundo yanga ndi yakuti njira yofufuzira repeater yofooka mphamvu inabadwira m'kusowa kumeneku, ndipo sinakalambe. Munthu wogula chotayidwa alibe kokadandaula, alibenso ndalama zosinthira ziwalo mongoganizira. Chomwe ali nacho ndi mita. Yotchuka inali Bird 43, ya m'zaka za m'ma 1950, yomwe imaonetsa mphamvu yopita ku eriyo ndi yobwerera. Ankachotsa eriyo, n'kulumikiza transmitter ku dummy load ya 50 ohm yoima m'malo mwa eriyoyo, n'kuyeza. Mawati akakhala ochepa pomwepo, ankaona ngati magetsi a 13.8 V sakugwa makina akamaulutsa, kenako n'kusuzumira mowotcherera, poti kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri kumang'amba mtovu, matenda odziwika bwino pa wayilesi za General Electric za mtundu wa MASTR II. Mawati akakhala okwanira, mlandu unkasamukira panja. Apa ndi pomwe osadziwa amataya nthawi, chifukwa duplexer, zitini zomwe zimalola eriyo imodzi kumva ndi kuulutsa pamene mbali ziwirizo zatalikirana 600 kHz yokha, imadya gawo lake ngakhale ili bwinobwino. Kutaya 1.5 dB ndiye kuti mawati 100 olowa amatuluka pafupifupi 70, ndipo pamenepo palibe chofunika kukonza.

Ena anganene kuti makina a lero amadziyeza okha, ndipo chiwalo chikafa umangogula china. Nzoona, koma makinawo amadziwa zochitika pakhomo pawo basi. Madzi akalowa m'nthambo kapena cholumikizira chikachita dzimbiri, mphamvu imabwerera, transmitter imadzichepetsa dala kuti isapse, ndipo wothamangira kusitolo amataya chiwalo chomwe chinkagwira bwino ntchito yake. Chatsopanocho nacho chimafooka chimodzimodzi tsiku lomwelo.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti mawati amatamandidwa mopitirira: ngakhale atachepa ndi theka, imeneyo ndi 3 dB yokha, ndipo omvera ambiri sangazindikire. Apa ndikuvomera ndithu. Komatu n'chifukwa chake akale sankayankha kufooka popotokola mphamvu kuti ikwere. Ankadziwa kuti repeater yofuula kwambiri imadzigonthetsa yokha, osamvanso wayilesi zam'manja zakutali. Mawati otsika ankawawerenga ngati chizindikiro, ndipo ankalemba m'kabuku zomwe mita yaonetsa pa transmitter, kuseri kwa duplexer ndi patsinde pa nsanja, kuti wokwera phirilo chaka chamawa akapeze poyambira.